Mlendo adadza ndi kalumo kakuthwa, kunola nkwathu

Aliyense amene adayendapo pamsewu wochokera pa mlatho wa Bakili Muluzi kukwera mapiri a ku Chowe mpaka kukafika ku Namwera akudziwa momwe msewuwo udakhotera. Woyenda ali bwino amatembenuka kuyang'ana nyanja kumunsi, nkumasirira. Koma wotsika msewu womwewo ali ndi ntchafu yothyoka, atagonekedwa pamphasa kumbuyo kwa galimoto ya matola, saona kukongola kulikonse. Amangowerenga makona, nkumalira galimoto ikagunda kadzenje.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 40, ndipo oyenda motere ndi ambiri. Wina ndi mnyamata wa kabaza amene wawombana ndi mnzake pakona. Wina ndi mwana amene wagwa mumtengo wa mango. Wina ndi gogo amene waterereka pachitsime nthawi ya dzinja. Onsewa akafika pachipatala chachikulu cha boma ku Mangochi, funso limakhala limodzi: kodi alipo wodziwa kubwezera fupali m'malo mwake?

Sabata ino tikufuna tikambe za munthu amene amayankha funso limeneli, komwe adachokera, komanso ngongole yomwe tili nayo kwa alendo amene adadzipereka kudzamuphunzitsa. Tikufunanso tinene mosapsatira kuti kuthokoza kokha sikukwanira, chifukwa ntchito yomwe alendowo adayamba ikhoza kufera m'manja mwathu.

M'zipatala za maboma m'dziko muno, amene amaona anthu othyoka nthawi zambiri si dokotala wamkulu wa opaleshoni. Ndi wachipatala amene pa Chingerezi amamutchula kuti Orthopaedic Clinical Officer, ngakhale odwala amangoti adokotala a mafupa. Iyeyu ndiye amawerenga chithunzi cha ekisire, kuwongola fupa, kuika chikhakha, kutsuka bala lomwe fupa latulukira, ndi kugamula ngati wodwala athandizidwe pomwepo kapena atumizidwe ku Zomba kapena ku Blantyre.

Udindo umenewu sudagwe kumwamba. M'chaka cha 1979 m'dziko muno mudakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe ambiri amalidziwa kuti MAP, panthawi yomwe poliyo idali itapundula ana ochuluka m'midzi. Makolo amene adakula zaka zimenezo akukumbukira anzawo amene ankayenda chokwawa, ena atavala matayala akutha m'mawondo. Bungweli likadalipo, ngakhale dzina lidasintha kukhala Malawi Against Physical Disabilities poti poliyo idachepa koma kulumala kochokera ku zifukwa zina kudatsala.

Mmodzi mwa madokotala amene adabwera kudzathandiza pa ntchitoyi adali Dr Edward Blair wa ku Canada. Iye adaona msanga kuti dokotala mmodzi, ngakhale atagwira usana ndi usiku, sangafikire dziko lonse. Choncho m'chaka cha 1985, mothandizidwa ndi a Rotary, adayamba kutenga achipatala a Chimalawi amene adali atagwira kale ntchito m'zipatala nkuwaphunzitsa za mafupa zokhazokha kwa miyezi 18. Akamaliza, ankapita kukagwira ntchito m'zipatala za maboma.

Zotsatira zake zidalembedwa. M'chaka cha 2008, Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake adafalitsa lipoti losonyeza kuti panthawiyo dziko lino, lomwe lidali ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni, lidali ndi madokotala 266 okha, ndipo mwa iwo akatswiri a opaleshoni ya mafupa adali 9. Koma achipatala a mafupa amene adaphunzitsidwa kuyambira 1985 adali atakwana 117, ndipo 82 mwa iwo adali akugwirabe ntchito. Anthu amenewa ndiwo ankasenza pakati pa 80 ndi 90 mwa ntchito 100 zilizonse za mafupa m'dziko muno.

Taganizirani bwino manambalawa. Dr Blair akadangobwera ndi mpeni wake, kuchita maopaleshoni ochuluka momwe akadathera kenako nkukwera ndege, bwenzi lero tikungomukumbukira ngati mzungu wachifundo amene adadutsa. Koma poti adasankha kuphunzitsa, manja ake adasanduka manja ambiri, ndipo mwana wa ku Katuli kapena kwa Jalasi amene wathyoka mkono lero akupindula ndi munthu amene sadamuonepo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ubwino wa mlendo ameneyu ndi woti kalumoko adakasiya.

Ena adatsatira njira yomweyo. M'chaka cha 1996, Pulofesa Chris Lavy adasiya ntchito yapamwamba ku London nkubwera ku Blantyre, komwe adakhala zaka pafupifupi khumi akuchita maopaleshoni ndi kuphunzitsa. Adali mmodzi mwa amene adalimbikira kuti kumangidwe chipatala cha Beit CURE, chomwe chidatsegulidwa m'chaka cha 2002 kufupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndi ndalama zomangira zochokera ku Beit Trust. Pachipatalachi ana olumala amachitidwa opaleshoni kwaulere. Amawongola miyendo yamatewe, mapazi opindika, ziwalo zomwe zidamatirira kaamba ka zipsera za moto, komanso amachiza mafupa amene adalowa matenda nkumatuluka mafinya.

Tikudziwa kuti mabanja ambiri a ku Namwera ndi Asilamu, ndipo ena amazengereza akamva kuti chipatalachi ndi cha Akhristu. Tikuwatsimikizira kuti chithandizo chake sichiyang'ana chipembedzo. Fupa la mwana wa shehe ndi la mwana wa mbusa limalumikizika mofanana, ndipo onse amalandiridwa.

Ku Lilongwe nako, ubale wa chipatala cha Kamuzu Central ndi chipatala cha Haukeland cha mumzinda wa Bergen ku Norway udabala zipatso. Madokotala a kumeneko, monga Dr Sven Young, adakhala zaka akugwira ntchito limodzi ndi Amalawi ndi kuphunzitsa achinyamata ofuna ukatswiri wa opaleshoni. Mapeto ake, m'chaka cha 2023 kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo chotchedwa LION, chomwe chili pa Kamuzu Central pomwepo.

Chinthu china chachikulu chomwe chidasintha ndi choti lero mwana wa Mmalawi akhoza kuphunzira udokotala mpaka ukatswiri wa mafupa osachoka m'dziko muno. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. M'chaka cha 1999 kudakhazikitsidwanso bungwe la COSECSA, lomwe limaphunzitsa ndi kuyesa mayeso akatswiri a opaleshoni m'maiko a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa. Kale wofuna maphunziro otere ankayenera kupita kunja, ndipo ambiri sankabwerera.

Kuti tione phindu la kuphunzitsa, titenge chitsanzo cha ana obadwa ndi mapazi opindika. Padziko lonse, mwana pafupifupi mmodzi mwa ana 1,000 aliwonse amabadwa chonchi, phazi litaloza mkati ndi pansi. Akapanda kuthandizidwa, amakula akupondera kumbali kwa phazi, sangavale nsapato, ndipo ambiri amasiyira sukulu panjira kaamba ka ululu ndi kusekedwa. Kale ankati vutoli likufuna opaleshoni yaikulu, yomwe ana a m'midzi sakadaipeza.

Koma dokotala wina wobadwira ku Spain, Ignacio Ponseti, amene ankagwira ntchito ku Iowa m'dziko la America, adapeza njira yosafuna kung'amba phazi. Wachipatala amawongola phazilo pang'onopang'ono ndi manja nkuliika m'chikhakha, ndipo chikhakhacho chimasinthidwa sabata iliyonse, kawirikawiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kenako amadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, ntchito ya mphindi zochepa. Pomaliza mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku kwa miyezi itatu, kenako usiku wokha mpaka atafika zaka zinayi kapena zisanu.

Madokotala odzipereka, kuphatikizapo Steve Mannion wa ku Britain, adaphunzitsa njirayi kwa achipatala a mafupa a m'dziko muno, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre amene adafalitsidwa m'chaka cha 2005 adasonyeza kuti Amalawiwo adaigwira bwino kwambiri. M'chaka cha 2007 kudayamba ndondomeko ya dziko lonse yothandiza ana a mapazi opindika. Apa palibe ufiti, palibe tchimo la mayi, palibe chomwe bambo adalakwira mdulo. Ndi vuto lobadwa nalo lomwe limachizika, makamaka mwana akafika kuchipatala m'masabata oyambirira. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Chitsanzo china ndi cha fupa la ntchafu, lomwe limathyoka kawirikawiri pa ngozi za njinga zamoto. Njira yakale, yomwe ikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala zambiri za maboma, ndi yoboola mwendo nkumangirira cholemera kuti chizikoka fupalo mpaka lilumikizike. Wodwala amagona chagada pabedi masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Kwa banja la ku Namwera, amenewa ndi masabata omwe bambo sali kumunda, mayi ali kukhitchini ya magadiyani ku boma, ana ali okha kunyumba, ndipo mbuzi zikugulitsidwa imodziimodzi.

Njira yatsopano ndi yolowetsa chitsulo chachitali mkati mwa fupa. Wodwala amadzuka pakangotha masiku ochepa nkuyamba kuyendera ndodo. Dokotala wa ku America, Lewis Zirkle, adayambitsa bungwe la SIGN m'chaka cha 1999, lomwe limapanga zitsulo zotere nkuzipereka mwaulere ku zipatala za maiko osauka, ndipo adazikonza mwanjira yoti zikhoza kuikidwa ngakhale m'fiyeta mulibe makina ojambulira mkati mwa thupi. Kafukufuku amene adatsogolera Dr Linda Chokotho, katswiri wa mafupa wa Chimalawi, adapeza kuti m'dziko muno kuika chitsulo kumachiritsa bwino komanso kumawononga ndalama zochepa kusiyana ndi kugoneka munthu pabedi masabata onsewo. Tsono ngati njira yabwino ndi yomwenso ili yotchipa, nchifukwa chiyani anthu akumidzi akugonabe chagada?

Apa mpamene kuthokoza kwathu kukuthera, ndipo kudzifunsa kukuyambira.

Choyamba, akatswiri a opaleshoni ya mafupa awonjezereka poyerekeza ndi 2008, koma akadali ochepa kwambiri, ndipo akupezeka m'mizinda. Anthu nawo achuluka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Mangochi lokha lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Pa nthawi yomweyi njinga zamoto za kabaza zadzaza m'misika yonse, kuyambira ku Chiponde mpaka ku Makanjira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo kumbuyo kwa aliyense wakufa kuli ena ambiri ovulala. Ndondomeko yomwe idayamba polimbana ndi poliyo lero ikusenza katundu wa ngozi, ndipo katunduyo akulemera chaka ndi chaka.

Chachiwiri, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Si alendo onse amene amakhala zaka ngati a Blair ndi a Lavy. Ena amabwera masabata awiri, kuchita maopaleshoni ambiri, kujambulitsa zithunzi nkubwerera. Mtima wawo ndi wabwino ndipo amene athandizidwa amathokoza. Koma opaleshoni ya fupa sithera m'fiyeta. Bala likhoza kutukusira pakatha sabata, chitsulo chikhoza kufuna kuchotsedwa pakatha chaka, ndipo wodwala amafunika mafizo kuti mwendo uyambenso kupinda. Ngati mlendo sadagwire ntchito limodzi ndi wachipatala wa pamalopo, amene amatsala ndi mavutowa ndi munthu amene sadaone nkomwe momwe opaleshoniyo idayendera. Chimodzimodzinso makina opatsidwa amene alibe wodziwa kukonza. Akangowonongeka kachitsulo kamodzi, amasanduka pogona akangaude.

Chachitatu, thandizo lakunja lili ndi mwini wake. Zomwe zidachitika m'chaka cha 2025, pomwe boma la America lidadula mwadzidzidzi thandizo lake lambiri ndi kutseka bungwe la USAID, zidatiphunzitsa kuti chigamulo chopangidwa kutali chikhoza kuimitsa ntchito zaumoyo kuno m'masiku owerengeka. Nzoona kuti ntchito ya mafupa imadalira kwambiri mabungwe ena, koma phunziro lake ndi lomwelo. Chobwereka sichikhala chako.

Pachifukwa ichi, pempho lathu kwa alendo odzipereka ndi loti apitirize kubwera, pakuti tikuwafunabe, koma abwere kudzaphunzitsa. Afunse kaye eni ake chomwe chikusowa asadalongedze katundu. Alembetse ku Medical Council of Malawi monga malamulo amanenera. Abwerenso pamalo omwewo chaka china kuti adzaone odwala awo. Ndipo asathere ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Tsiku limodzi lomwe katswiri angakhale pambali pa wachipatala wa mafupa wa ku boma, kuona odwala limodzi ndi kuwerenga zithunzi limodzi, limapindula kuposa msonkhano wa kuhotela.

Kwa boma ndi unduna wa zaumoyo, mawu athu ndi olemererapo. M'chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Kwa zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikuperewera pa mlingo umenewu, ndipo kuperewerako kumaonekera pa zinthu zing'onozing'ono. Wachipatala wa mafupa sapempha zodabwitsa. Amafuna pulasitala wa chikhakha, makina a ekisire amene akugwira ntchito, magetsi odalirika, mankhwala ophera tizilombo m'mabala, ndodo zoyendera, ndi mafuta a ambulansi. Nzochititsa manyazi kuti munthu amene alendo adavutika kumuphunzitsa azikhala manja ali m'thumba poti pulasitala watha, kapena azituma wodwala wosauka kuti akagule yekha.

Boma lionetsetsenso kuti maphunziro a achipatala a mafupa ali ndi ndalama zake zokhazikika m'bajeti, osadikira wopereka. Omwe aphunzira alembedwe ntchito msanga, akwezedwe paudindo ikakwana nthawi, ndipo akhale ndi mwayi wopitiriza maphunziro. Tikapanda kutero tiziwaphunzitsira mabungwe ndi maiko ena. Akatswiri a m'zipatala zikuluzikulu apatsidwe galimoto ndi mafuta kuti aziyendera maboma pa masiku odziwika, ndipo masikuwo azilengezedwa pawailesi za m'madera, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti mayi wa kwa Bwananyambi asawononge ndalama ya thiransipoti nkukapeza dokotala adabwera dzana.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala a kuderali nawo ali ndi gawo. Ndi angati mwa iwo adafunsapo kukhonsolo kuti boma la Mangochi lili ndi achipatala a mafupa angati, kapena kuti wodwala wothyoka amadikira masiku angati asadatumizidwe ku Zomba? Kugula bokosi la maliro kumaoneka msanga ndipo anthu amaombera m'manja, koma kumenyera ambulansi kuti ikhale ndi mafuta nkomwe kumapulumutsa ovota.

Tsopano tibwere kwa ife eni mabanja, pakuti ngakhale dokotala akhale wodziwa chotani, sangachize munthu amene sadabwere.

Tiyerekeze mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wagwa mumtengo Lachisanu madzulo nkuthyoka pamwamba pa chigongono. Makolo akuwerengera ndalama ya galimoto nkuona kuti ndi yambiri, ndiye akupita naye kwa munthu wina wa m'mudzi wodziwika pa zomanga mafupa. Iye akutema mphini, kupaka mankhwala, kuyala timitengo nkumanga mwamphamvu ndi luzi. Usiku mkono ukutupa, koma poti wamangidwa, kutupako kukusowa kopita ndipo kukufinya mitsempha ya magazi. Mwana akulira, akulu akuti mankhwala akugwira ntchito. Pofika Lolemba zala zazizira ndipo zada. Akafika kuchipatala, fupa lomwe likadalumikizika m'masabata ochepa silikhalanso nkhani. Nkhani imakhala yoti mkonowo upulumuka kapena udulidwa.

Sitikunyoza asing'anga. Tikudziwa kuti anthu amapita kwa iwo poti ali pafupi, amalankhula chinenero chawo, ndipo amalola kulipira nkhuku kapena kudikira mpaka fodya atagulitsidwa. Tikudziwanso kuti mafupa ena amalumikizika okha ndipo ulemu umapita kwa womanga. Koma palibe munthu amene amaona mkati mwa mnofu ndi maso. Sing'anga wanzeru ndi amene amadziwa malire ake, nkuuza makolo kuti uyu thamangirani naye kuchipatala. Mafumu ndi azaumoyo akhale pansi ndi anthu amenewa nkugwirizana nawo, m'malo mongowadzudzula.

Banja lililonse lisunge mfundo izi. Munthu akathyoka, musakoke kapena kuyesa kuwongola chiwalocho. Chichirikizeni ndi thabwa kapena katoni yolimba, nkumanga mosathina ndi chitenje, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati fupa latulukira kunja kapena pali bala pamalo othyokapo, phimbani ndi nsalu yoyera, osathira dothi, phulusa, mafuta kapena masamba, ndipo musagone kunyumba, chifukwa tizilombo tikalowa m'fupa timavuta kuchotsa. Amene wavulala khosi kapena msana anyamulidwe atagona mowongoka pa chitseko kapena thabwa, osati kumukhazika panjinga. Ngati munthu ali m'chikhakha ndipo zala zatupa kwambiri, zazizira, zachita dzanzi kapena ululu ukungokulirakulira, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira tsiku lomwe mudapatsidwa. Musadule chikhakha nokha poti mwana wayamba kusewera. Ndipo mwana akamatentha thupi uku akukana kuponda mwendo kapena akulira mukakhudza fupa, ngakhale sadagwe, musangoti ndi malungo. Akhoza kukhala matenda a m'fupa amene amafuna mankhwala mwamsanga.

Kwa makolo a ana a mapazi opindika, ntchito yaikulu ili pa nsapato zija. Ambiri amalimbikira nthawi ya chikhakha, koma akaona phazi lawongoka amasiya kumuveka mwana nsapato usiku, ndipo phazilo limabwerera. Apa abambo asasiyire amayi okha. Ulendo wa sabata ndi sabata umafuna ndalama, ndipo mayi wochoka m'mudzi kawirikawiri amafuna mwamuna ndi apongozi amene akumvetsa chomwe akupitira.

Tisaiwalenso katemera. Poliyo yomwe idabweretsa a MAP siidatheretu padziko. Mu February 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba m'dziko muno kuchokera m'chaka cha 1992. Ife a m'malire, komwe anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kupita ku Mandimba, tisabise ana akamabwera alangizi a zaumoyo ndi katemera.

Anyamata a kabaza, inunso tamvani. Njinga yamoto yakupatsani chochita ndipo ikudyetsa mabanja, izi sitikana. Koma kunyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga, kuyenda opanda chipewa choteteza mutu, kuthamanga pamakona a ku Chowe, kapena kukwera njinga mutalawa, ndi kutchova juga ndi miyendo yanu ndi ya makasitomala anu. Phunzirani malamulo a pamsewu, tengani ziphaso, ndipo magulu anu akhale ndi thumba lothandizira mnzanu akavulala. Okwera nanunso muli ndi pakamwa. Kanani kukwera njinga yodzaza kale.

Pomaliza, tisaganize kuti kudzipereka ndi khalidwe la azungu okha. Ndi khalidwe lathu kuyambira kale. Pamaliro palibe amene amalipidwa pokumba manda kapena pophika. Chomwe tikupempha ndi choti mtima womwewo tiuonetse munthu akadali moyo. Opaleshoni ya fupa la ntchafu nthawi zambiri imafuna magazi, ndipo magazi sapangidwa kufakitale, amachokera kwa anthu opereka mwaulere kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service. Mzikiti, tchalitchi kapena banki mkhonde ikhoza kupatula kandalama kolipirira ulendo wa mwana wopita kukasintha chikhakha. Kalipentala ndi wowotcherera zitsulo wa pa Namwera akhoza kuphunzira kupanga ndodo zoyendera. Ana athu amene ali ku Joni, amene amatumiza ndalama za malata ndi njinga zamoto, akhoza kusonkherana m'magulu awo a ku Johannesburg ndi Cape Town nkuthandiza chipatala cha kwawo. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo kudzipereka kopambana konse ndi kusunga mwana pasukulu. Katswiri wa mafupa amene adzachite maopaleshoni ku Mangochi zaka zikubwerazi mwina lero ali Sitandade 5 pasukulu ina ya kwa Jalasi. Mwinanso ndi mtsikana, monga adaliri Dr Chokotho. Tikamutulutsa m'kalasi kuti akakwatiwe, kapena tikamulola mnyamata kusiya sukulu nkuthamangira ku Joni asadamalize, tidzapitiriza kuyang'ana kumsewu kudikira mlendo.

A Blair adabwera, adaphunzitsa, adapita. A Lavy chimodzimodzi. Mbali yawo adachita ndipo tikuti zikomo. Chomwe chatsala ndi choti wodwala wotsika phiri la Chowe mawa akapeze pulasitala alipo, makina akujambula, wachipatala ali pantchito, ndipo iye mwini afike tsiku lomwe wavulala. Zimenezi palibe mlendo amene angatichitire.